A Stafford Olawa Oyilo

Alamu anga a Stafford anagwira ntchito ku fakitale ya tiyi kuyambira ali mnyamata mpaka imvi zitamera, koma sanathyolepo tsamba la tiyi ngakhale limodzi. Iwo anali a m'kachipinda kolawira. M'menemo tiyi wongotuluka kumene m'makina amathiridwa madzi owira m'makapu oyera, makapuwo n'kundandalikidwa pa tebulo lalitali. Kenako bwana wolawa amabwera ndi supuni, kupsontha kapu iliyonse mwaphokoso, kuzunguza m'kamwa, n'kulavulira m'ndowa. A Stafford ntchito yawo inali kuwiritsa madzi, kundandalika makapu, kukataya za m'ndowa ndi kutsuka. Bwana akatuluka, iwo ankatola supuni ija n'kuyambiranso mzere wonse okha, atatsinzina. Palibe amene ankawafunsa maganizo awo pa tiyi, koma zimenezo sizinawaletse kukhala nawo maganizowo.

Choncho atapuma pa ntchito anabwera kumudzi ndi lilime limene ankalikhulupirira kuposa maso ndi makutu. Madzi a pamjigo ankawalawa. Ndiwo za akazi awo ankazilawa asanadalitse n'komwe. Chigamulo chinkatuluka m'mawu a kufakitale: "Kala ilipo, koma bode mulibe," kutanthauza kuti chinthucho chikuoneka bwino koma n'chopanda mphamvu. Pa ukwati wina analawa thobwa, ndipo poti pakamwa panazolowera kale, analavulira pa nsapato ya mkulu wa mpingo. Za nsapatoyo anapepesa. Koma anawonjezera kuti thobwalo linachepa chimera, ndipo pamenepo sanapepese.

Ine ndine Tione, mng'ono wa akazi awo, a Teleza. Nyumba yanga ili kumunsi kwa yawo, kuno kwa Nchilamwela, pamene minda yathu imathera ndipo tiyi wa esiteti amayambira. Zimene ndikusimbazi sindinachite kuuzidwa, chifukwa mpanda wathu ndi wa udzu ndipo makutu anga ndi abwinobwino.

Kwathu kuno mwamuna ndiye amatsata mkazi. A Stafford kwawo ndi kwa Changata, ndipo anabwera kudzakhala pachikamwini ali ndi buluku limodzi ndi wailesi yobwereka. Nyumba anamanga ndi manja awo, koma ili pa dothi la amayi athu. Nthochi za kuseri anabzala ndi iwo, koma ndi za achemwali. Ana ndi awo, koma pakagwa nkhani woyamba kuitanidwa ndi amalume. Umo ndi mmene zilili, ndipo iwo sankadandaula poyera. Koma penshoni itatuluka sanagule malata kapena mbuzi monga anzawo. Anagula galimoto yakale yoyera kwa manijala wina wa ku Rumphi amene ankasamuka, anaphunzira kuyendetsa atakalamba kale, n'kulowa nayo m'mudzi akuliza hutala mpaka nkhuku zanga zinakagona kwa aneba.

Kayendetsedwe kawo kanali ka munthu wonyamula makapu odzadza. Ankayenda pang'onopang'ono, msana uli chilili, ndipo njinga za kabaza zinkawapitirira okwerapo akuwafunsa za kunyumba. Aliyense wokumana naye ankamulizira hutala, ngakhale mbuzi. Koma ndisawanenere zoipa zokhazokha. Mayi akayamba kudwala pakati, kapena mwana akakomoka ndi malungo, khomo logogoda linali lawo, ndipo sanakanepo. Ankatuluka akumanga lamba, nkhope ili yowala, chifukwa pa nthawi imeneyo palibe ankawatchula mkamwini. Ankangoti adalaivala.

Tsiku lina tinakhala pansi pa mtengo wa mapeyala kukambirana za malire a munda. Amalume athu a Winston ndiwo ankatsogolera. Ndi munthu wosakonda ndewu, wokonda kudya, ndipo nkhani ikatalika amawodzera. A Stafford atati ayikepo mawu awo, amalume anatsegula diso limodzi.

"Apongozi, nkhani za dothi asiyireni eni dothi. Inu pano chanu ndi galimoto."

Tonse tinaseka. A Stafford nawonso anaseka, koma kuseka kwa mano okha.

"Mwanena zoona, apongozi. Ndiye tsiku limene idzafe, pano changa chidzakhala chatha. Ndidzanyamula chikwama changa, ulendo kwa Changata."

Tinasekanso, amalume n'kubwerera ku tulo tawo. Munthu mmodzi yekha sanaseke, ndiye achemwali a Teleza. Iwo ndi olusa pakamwa, angathe kukalipira ndi mvula yomwe, koma amuna awo amawakonda koopsa, ndipo amadziwa kuti mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. Mawu aja anawasunga mumtima. Kuyambira tsiku limenelo, galimoto ikatsokomola, iwo ndi amene ankamva kuwawa pachifuwa.

Ndipo inayamba kutsokomoladi. M'mawa uliwonse a Stafford akailiza, kumbuyo kunkatuluka utsi wabuluu wochindikala, umene unkatsetsereka molunjika pa chingwe changa choyanikira zovala. Ana a sukulu anaipatsa dzina loti Chiperoni, chifukwa ikadutsa phiri silinkaoneka. Ine ndinkapita ku tchalitchi nditavala bulauzi yonunkha galaja. Ndinapirira, kenako ndinakadandaula.

"Alamu, galimoto yanu ikundithera sopo."

"Si utsi umenewo, alamu. Ikutulutsa kuzizira kwa usiku."

"Kuzizira kwabuluu?"

"Inu za injini mwazidziwira kuti?"

Utsi sunkawadetsa nkhawa. Chinkawasowetsa mtendere ndi oyilo. Mu injini muli kachitsulo kakatali koyezera, kamene umasolola, kupukuta, kubwezera, n'kusololanso kuti uone pamene oyilo walekeza. Akathira Lolemba mpaka pa mzere wa pamwamba, pofika Loweruka ankapeza kachitsuloko kanyowa kunsonga kokha. Oyilo ankapita kuti? Poyamba anachita zanzeru ndithu. Anayala katoni pansi pa galimoto kuti aone ngati ikudontha, koma m'mawa katoniyo inali youma, kupatula zimene nkhuku zinasiyapo. Anasuzumira m'madzi a mu rediyeta kuti mwina oyilo akuthawira kumeneko, koma madzi anali oyera. Kenako anayamba kukayikira anthu. Anati pali wina akumaba oyilo kuti akapake mitengo ya khola poopa chiswe, ndipo pondiuza zimenezi ankayang'ana khola langa. Anamanga boneti ndi waya. Oyilo anapitirizabe kutsika.

Zanzeru zitatha, anatulutsa makapu. Anali ndi makapu oyera a kufakitale amene anapatsidwa potsanzikana, kapena mwina anadzipatsa okha, ine sindikudziwa. Anawandandalika pa khonde. M'kapu yoyamba anadonthezamo oyilo watsopano wa m'botolo, m'yotsatira wa Lolemba, m'yomaliza wa tsikulo. Ankanunkhiza, kupenyetsetsa padzuwa, kenako kukhudza ndi nsonga ya lilime, kutsinzina, n'kulavulira m'maluwa a achemwali. Maluwawo anauma.

"Wapserera pang'ono," anatero, "koma bode ilipo. Injini ndi yabwinobwino. Yangochita ludzu chifukwa cha zitunda zathuzi."

Lamlungu lina kunabwera Elson, makaniko wa ku Bvumbwe, amene amadzagula nthochi kwa achemwali. Anaima n'kuyang'ana utsi uja akutafuna nthochi, kenako anapukusa mutu.

"Madala, utsi umayankhula. Ukakhala wakuda, ndiye kuti petulo akuchuluka. Ukakhala woyera wosaleka, madzi akulowa pamene sayenera, mwina gasiketi yapsa. Koma wabuluu chonchi ndi oyilo akupsa. Pansi simuona dontho chifukwa akutulukira ku ekizozi."

"Ndalawa ine," anatero a Stafford. "Ali bwino."

"Oyiloyo akhoza kukhala bwino, madala. Vuto ndi chimene chikumudya."

Elson anatsegula chitsekerero cha pothirira oyilo injini ikulira. Pabowopo panayamba kufuka, phu phu phu, ngati mphika wa kalongonda. Anazimitsa, n'kumasula mapulagi. Onse anali akuda, ndipo awiri anali onyoweratu ndi oyilo. Anakatenga geji yoyezera mphamvu ya injini m'galimoto yake n'kumailumikiza pa bowo la pulagi lililonse, a Stafford akupotokola kiyi. Pa mabowo awiri aja singano inkangokwera mwaulesi. Atadonthezamo oyilo pang'ono n'kuyezanso, singano inakwera bwino.

"Mwaona? Ndikathiramo oyilo, mpata ukutsekeka kwa kanthawi. Ndiye kuti maring'i atha." Anafotokoza kuti maring'i ndi timikombero tachitsulo tozungulira pisitoni, timene timaletsa oyilo kukwera kumene kumayaka petulo. Tikaperepeseka, oyilo amakwera n'kumapsa limodzi ndi petuloyo. "Injini yatopa, madala. Bwerani nayo ku galaja tiitsegule isanafike poipa."

A Stafford anatseka boneti msangamsanga, pang'ono kumupana zala.

"Kutsegula? Elson, ndadutsapo pa galaja pako. Kuseri kuja kuli galimoto zokhala pa miyala, eti?"

"Zilipo ndithu."

"Zinabwera zikuyenda?"

"Zina."

"Ndipo unazitsegula. Lero nkhuku zikuikiramo. Galimoto ikatsegulidwa sibwereranso. N'chimodzimodzi nkhalamba kulowa ku fiyeta kukachitidwa opaleshoni."

Elson anangonyamula nthochi zake n'kumapita. Ine ndinapsa mtima, chifukwa munthuyo anayankhula zomveka ngakhale kwa ine wosadziwa injini. Koma nditaona alamu akumanganso waya wa pa boneti, ndinawamvera chisoni. Sankakana chifukwa cha liuma lokha. Ankaopa.

Apa ndi pamene liwu limodzi linatisokoneza. Kwa ife amayi a kumudzi, mafuta ndi mafuta. Ophikira ndi mafuta, odzola ndi mafuta, a nyale ndi mafuta, a galimoto ndi mafutanso. Liwu loti oyilo a Stafford ankalisungira amuna anzawo. Akamayankhula ndi akazi awo ankachita kuwafewetsera, poganiza kuti Chingerezi cha kugalaja chiwapweteka mutu. Ndiye akabwera koyenda ankakhala pa khonde atagwira tsaya, n'kuitana akazi awo ndi dzina la mwana wawo.

"Mayi a Fainess, galimoto ija ikumwa mafuta. Ndikapanda kupeza mafuta othira pansi pa boneti, ifa."

Achemwali amakazinga zitumbuwa n'kukagulitsa pa sikelo, pamene othyola tiyi amayezetsa masamba awo. Zinthu zambiri amasowa, koma mafuta sasowa. Atamva kuti ifa, anamvanso za chikwama, ngakhale kuti sichinatchulidwe.

Patapita masabata angapo kunachitika chozizwitsa. A Stafford anasolola kachitsulo kaja Loweruka n'kupeza oyilo ali pa mzere wa pamwamba. Anapukuta, kubwezera, kusolola: pamwamba. Sabata yotsatira chimodzimodzi. Tsiku lina anachita kupitirira mzere. Anayenda nako kachitsuloko m'mudzi monse kuonetsa anthu, ngakhale amene sanafunse.

"Injini yachira yokha. Ndinanena ine kuti linali ludzu. Elson akanaitsegula pachabe."

Iwo ankati mankhwala ake anali kuimika galimoto itayang'ana kumtunda. Anatulutsanso makapu n'kulawa kadontho.

"Uyu ndiye oyilo. Kala ilipo, bode ilipo, ndipo kumapeto kwake kukumveka kutsekemera. Wakhwima."

Utsi sunaleke, koma unasintha fungo. Zovala zanga zinayamba kununkhira ngati pamsika tsiku la malipiro. Galimoto ikamadutsa, agalu a m'mudzi ankaithamangira osauwa, akugwedeza michira. Nyerere zinatsegula njira yokwera tayala la kutsogolo. A Stafford anati zonsezi ndi zizindikiro za injini yathanzi.

Ine ndinazindikira m'mawa wina ndikupita kumjigo. Alamu anali kubafa, akuimba nyimbo ya Chilomwe mokweza monga mwa chizolowezi chawo. Pa galimoto ndinapeza boneti ili yasa, achemwali atawerama, dzanja ili chiwaya, dzanja ilo sefa ya tiyi.

"Achemwali, mukutani?"

"Tsitsa mawu, iwe."

"Amenewo ndi mafuta a zitumbuwa."

"Nanga ndi a chiyani? Anati ikufuna mafuta. Ndinaona pamene amathira. Ndikusefa bwinobwino."

"Bwanji osamufunsa Elson kaye? Safunsa anadya phula."

"Elson akufuna kuitsegula. Iwe ukufuna alamu ako apite kwa Changata? Ukangowauza, ndikusoka pakamwa ndi singano ya matumba."

Anatseka boneti n'kupota waya uja ndendende mmene mwini wake amapotera. Pambuyo pake anandiuza kuti poyamba ankathira otsala m'chiwaya, koma Chiperoni inali ndi mimba yaikulu, ndiye anayamba kuthira atsopano a m'botolo, zitumbuwa n'kumazikazinga m'mafuta ochepa. Makasitomala a pa sikelo anali atayamba kudandaula kuti zikuuma. Mkulu wako akakuuza kuti khala chete atanyamula chiwaya, umakhala chete.

Mwezi wa Ogasiti kunali chinkhoswe cha mdzukulu wa amalume ku Bvumbwe. Amalume a Winston, amene chigulireni galimotoyo anali asanakweremo, anabwera okha pakhomo, kuvula chipewa, n'kupempha kuti apongozi awaperekeze. A Stafford anasangalala ngati mwana. Galimoto anaitsuka mpaka kunsi, matayala n'kuwapaka polishi ya nsapato.

Tinanyamuka m'mawa. Amalume anakhala kutsogolo, ine ndi achemwali kumbuyo, tambala ndi msoti za pachinkhoswe zili m'dengu pamiyendo pathu. Tinadutsa m'kamsewu ka m'tiyi, othyola akuweramuka kununkhiza m'mwamba, agalu akutiperekeza mpaka pa tala.

"Kodi wina walongedza zitumbuwa?" anafunsa amalume.

"Ayi, amalume," anayankha achemwali.

"Zikumveka. Teleza, usamamane amalume ako."

"Kulibe, amalume."

Amalume anatsegula kabokosi ka kutsogolo kufufuza, koma anangopeza sipanala. Njira yonse ankameza malovu.

Titayamba kukwera zitunda, injini inasintha mawu. Pansi pa boneti panayamba kumveka go go go, ngati wina akugogoda chitseko. Ndinasuzumira kutsogolo n'kuona kapulasitala komatidwa pakati pa mawotchi a galimoto, m'mbali mwake mukutuluka kuwala kofiira.

"Alamu, kanyali ako n'kachiyani?"

"Kamayaka pachabe. Ndinakamata kuti kasamandisokoneze."

"Nanga kugogodako?"

"Ndi nkhukuzo."

Nkhuku zinali phee. Kugogoda kunakula, galimoto inayamba kunjenjemera, kenako inalira kamodzi mokweza n'kuzima. Tinaima patsogolo pa amayi ogulitsa tomato ndi kabichi, Bvumbwe ikuoneka apo. A Stafford anapotokola kiyi. Sitata inangoti khe, basi. Anthu a pamsewu anatikankha mpaka pa galaja ya Elson, amalume ali khale pampando wawo, akulangiza okankha pokhota.

Elson sananene kuti ndinakuuzani, ndipo pa chimenecho ndimamupatsa ulemu. Analowa pansi pa galimoto ndi beseni n'kumasula nati yotsitsira oyilo. Tinadikira. Chimene chinatuluka sichinkayenda ngati oyilo. Chinkagwa m'zibuma, chonanda ngati phala logona, ndipo galaja yonse inanunkhira. Elson anatuluka n'kukhala pansi, beseni lili pakati pa miyendo, kakasi.

"Madala, chiyambireni ntchito imeneyi sindinaonepo zotere. Munkathira chiyani?"

"Oyilo."

"Wa kuti?"

A Stafford anagwada. Anapisa chala m'beseni, kuchiika pa lilime, n'kutsinzina. Kadontho ka pa kachitsulo kankawanamiza, koma beseni lathunthu, lotentha, silikananamiza munthu amene wadya zitumbuwa za mkazi mmodzi chikwatirireni. Ine ndinkadikira kuti alavule monga mwa masiku onse, koma sanalavule. Anatsegula maso n'kuyang'ana akazi awo. Achemwali anali atagwira dengu la nkhuku molimba, akuyang'ana pansi, ndipo ndinali ndisanawaonepo ndi mantha otero.

"Ndinathira ndine," anatero a Stafford. "Ndinagula kwa munthu wina wa m'mbali mwa msewu. Anandipusitsa."

Amalume anali atayandikira kale. Nawonso anapisa chala, chifukwa chinthu chonunkhira sachilola kuwadutsa.

"Koma izi ndi nthochi izi. Ndi mgaiwa pang'ono. Dzanja ili ndikulidziwa ine. Teleza, kodi iwe..."

"Apongozi," anatero a Stafford ali chigwadire, "nkhani za galimoto asiyireni eni galimoto."

Amalume anayang'ana apongozi awo, anayang'ana achemwali, kenako anapukuta chala pa mpango n'kupita kukakhala pa tayala lakale. Kanali koyamba kuwaona atatseka pakamwa mulibe chakudya.

Tsopano kukana kutsegula kunalibenso ntchito. A Stafford anangogwedeza mutu, Elson n'kuyamba kumasula. Ife tinapita ku chinkhoswe wapansi, dengu lili pamutu, koma alamu anatsala. Titabwerera dzuwa litapendeka tinawapeza atakhala pa benchi panja, chipewa chili m'manja, monga mmene anthu amakhalira pakhonde la chipatala. Injini inali mbwee pa saka. Elson anationetsa kasefa ka pampu ya oyilo katatsekeka ndi zomatamata, ndi mabering'i atapsa chifukwa oyilo sankafikako. Kenako anagwira chala cha alamu n'kuchiyendetsa m'kati mwa bowo la pisitoni. Chikhadabo chinakodwa pa kamzere kokumbika.

"Ichi sichinachitike dzulo, madala. Injini iyi inatha kalekale, mwina isanafike n'komwe m'manja mwanu. Zinazi zangoifulumizitsa." Ankayankhula ndi a Stafford, koma mawu anakweza kuti afike kwa achemwali. "Kukonza kwake kuposa kugula ina. Sindikunamizani."

A Stafford anazula kiyi n'kuyika m'thumba la malaya, ngakhale kuti panalibe woti angaibe galimotoyo. Tinabwerera pa minibasi. Ine ndinagwetsa misozi pang'ono, ndipo ndinadzikwiyira chifukwa cholirira chinthu chimene ndinkachitukwana m'mawa uliwonse.

M'mawa mwake ndinamva chitseko cha kumtunda chikutseguka, ndipo ndinapeza chifukwa chosesera pafupi ndi mpanda. Pa khonde panali chikwama chachikulu chomangidwa bwino, pamwamba pake jekete la alamu lositidwa, pambali pake kamtolo ka chinangwa chophika. Achemwali anali ataima pakhomo atapinda manja, maso ali psuu. A Stafford anachokera kuseri ndi mswachi m'kamwa, n'kuima.

"Mayi a Fainess, kwabwera alendo?"

"Kulibe alendo."

"Nanga chikwamachi?"

"N'chanu. Ndachapa zonse. Mabatani ndasokerera. Musakachite manyazi kwanu."

"Mukundithamangitsa?"

"Ine? Munanena nokha pansi pa mapeyala paja. Munati ikadzafa, pano chanu chatha."

A Stafford anachotsa mswachi m'kamwa. Anakwinya nkhope akufufuza m'mutu, ndipo ndikulumbira kuti munthuyo anali ataiwala. Mawu amene akazi awo anagona nawo miyezi yonseyi, mwini wake anawataya tsiku lomwelo.

"Ndinatero?"

"Munatero."

"Kwa Changata ndikapezako ndani? Amayi anatsogola, mlongo wanga anatsogola. Ana a kumeneko akandifunsa kuti agogo mukufuna ndani."

Anakhala pansi pafupi ndi chikwamacho. Anatulutsa kiyi uja m'thumba, kumutembenuza, n'kumubwezera. Chisoni cha galimoto chinali chidakali pankhope pawo, ndipo sindikuganiza kuti chidzachokeratu.

"Munkathira otsala m'chiwaya?"

"Poyamba. Kenako atsopano."

"A geni yanu?"

"Nanga ndikanawatenga kuti?"

"Ndiye n'chifukwa chake zitumbuwa zinkauma. Ine ndinkangoti bode yathawa."

Kenako analoza ndi mswachi nyumba, nthochi, ndi munda wa kumunsi.

"Izi ndi za eni dothi, ndavomera. Galimoto ili pa miyala kwa Elson, ndavomeranso. Koma munthu amene anaumitsa zitumbuwa zake kuti ine ndisachoke, amalume anu akuti ndi wa ndani?"

Achemwali anawerama, kukoka chikwama chija, n'kulowa nacho m'nyumba. Patapita kanthawi dzanja lawo linatulukiranso pakhomo n'kutenga chinangwa chija, akunena m'Chilomwe kuti munthu wosapita kulikonse sadya kamba wa paulendo.